Kodi ufumu umasiya chiyani m'dothi?

Ndangomaliza kumene The Dawn of Everything, buku la David Graeber ndi David Wengrow lomwe linatuluka mu 2021, Graeber atamwalira kale. Ndi chimbuku ndithu, landidyera miyezi iwiri.

Mfundo yawo ndi yakuti nkhani ija tinaloweza kusukulu, yoti anthu anayamba ndi kusaka, kenako ulimi, kenako mizinda ndi mafumu, ngati akukwera makwerero, sikugwirizana ndi zomwe ofukula zakale akupeza. Ku Göbekli Tepe, m'dziko la Turkey, anthu omwe ankadalirabe kusaka ndi kutola zakutchire anaimika zipilala zamiyala zosemedwapo nyama, zaka zoposa 11,000 zapitazo. Apa ndilibe chotsutsa, andikhutiritsa.

Pomwe ndinayamba kukayika ndi atafika ku Ukraine. Kumeneko kuli malo ngati Nebelivka ndi Taljanky, komwe zaka pafupifupi 6,000 zapitazo anthu masauzande ankakhala m'nyumba zondanda mozungulira, pakati n'kusiya bwalo lalikulu. Ofukula sanapezeko nyumba yachifumu kapena manda a munthu wolemera kuposa anzake. Olembawa akutengera pamenepo kuti anthu aja ankadziyendetsera okha zinthu popanda wowalamula.

Abale, ufumu umasiya chiyani m'dothi? Ndikuganiza za mfumu ya kumudzi kwathu ndili mwana. Nyumba yawo inali ya zidina ndi udzu ngati ya wina aliyense, ndiwo zake zomwezo. Koma akakhala pansi pa mtengo n'kugamula, mlandu unkathera pomwepo, ndipo ndinaonapo mayi wina wamasiye akuchoka pabwalo atalandidwa munda. Wodzafukula mudzi wathu patatha zaka 6,000 adzapeza mapale, mphero ndi phulusa, n'kulemba kuti tonse tinali ofanana. Mayi aja sadzaoneka penapaliponse.

Sindikuti ku Nebelivka kunali mfumu. Ndikuti dothi silinanene, pomwe bukuli likufunitsitsa kuti linene. Chodabwitsa n'chakuti olemba omwewa amadzudzula anzawo chifukwa chowona mafumu paliponse pomwe pali chipilala, koma iwonso amathamangira kuwona ufulu pomwe palibe chipilala.

Za Africa kumwera kwa Sahara zilimo zochepa, zomwe zinandiwawa pa buku lonena za anthu onse. Komabe liwerengeni, pensulo ili m'manja. Langa m'mphepete mwa masamba a Ukraine mwadzaza zizindikiro za mafunso.