Woyimba Amene Amatsatira Mpweya wa Mwana

Nyumba yoyamba padziko lonse yosamalira ana odwala matenda osachiritsika, Helen House, idatsegulidwa ku Oxford, ku England, mu 1982. Pofika nthawiyo dokotala Cicely Saunders anali ataphunzitsa kale kuti ululu wa munthu woyandikira imfa sukhala wa m'thupi mokha, umakhudzanso maganizo, abale ndi mzimu. Wa m'thupiwo morphine amauchepetsa. Nanga wa mumzimu? M'busa akafika pa bedi la mwana wa zaka zinayi, kapena wa mwana amene sanalankhulepo chibadwire, mawu ake amasowa pogwira. Apa ndipo nyimbo idapezera ntchito, ndipo ntchitoyo ili ndi luso lake losiyana ndi la pa nsanja.

Lesley Schatzberger, katswiri woyimba chitoliro cha clarinet, adataya mwana wake wamkazi ku nyumba ina yotere ya Martin House, ku Yorkshire, mu 1994. Chaka chotsatira adayambitsa bungwe la Jessie's Fund, lomwe lathandiza nyumba zambiri zotere ku Britain kulemba ntchito anthu ophunzitsidwa kuchiza ndi nyimbo. Mayiyu adazolowera kuomberedwa m'manja, komabe adaika mtima pa woyimba wodziwa kumvetsera.

Kumvetserako ndiye phata la lusoli. Paul Nordoff ndi Clive Robbins, amene adayamba kugwirira limodzi ntchito pakati pa ana olumala mu 1959, ankapeka nyimbo pompopompo kuchokera pa chimene mwana wachita. Mwana akamenya ng'oma kamodzi, piyano imayankha kamodzi, nkudikira. Akamenya kawiri mofulumira, nayo imafulumira. Pa bedi la mwana wofooka kwambiri, ng'omayo imakhala mpweya wake. Woyimba amayang'ana chifuwa cha mwanayo, nayamba pa liwiro limene akupumira, ngakhale likhale lothamanga. Akagwirizana naye, amachepetsa pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri kupuma kumatsatira. Woyamba ndi nyimbo yodekha mwana ali wefuwefu walankhula yekha.

N'chifukwa chiyani ndikuti ichi ndi chisamaliro cha mzimu? Mwana wodwala chotere amangochitiridwa zinthu tsiku lonse: kubayidwa jakisoni, kutembenuzidwa, kusambitsidwa, kudyetsedwa kudzera m'kapaipi. Palibe amene amamupempha chilolezo. Koma chala chake chikakhudza nsambo ya gitala, munthu wamkulu nkuyankha, ndiye kuti iye watsogolera. Akasiya, wamkuluyo amasiyanso. Mwanayo amadziwa kuti alipo ndipo wamveka, mayi ake nawonso amamuona akusewera, chinthu chimene matenda adawalanda.

Pali njira ina ya Therese Schroeder-Sheker wa ku America, yoyimbira anthu akumwalira ndi zeze ndi mawu okha. Otsatira njirayi amakonda nyimbo zopanda kugunda kokhazikika, ndipo nthawi zambiri amapewa nyimbo zodziwika, poti zimakokera wodwala ku zikumbukiro pamene iye akufuna kupumula. Kwa akuluakulu mfundoyi ndi yomveka. Kwa ana sindikuivomereza yonse. Kanyimbo kamene mayi ankagonetsera mwana ali kumsana ndiko malo otetezeka amene mwanayo amawadziwa. Woyimba wanzeru amakaphunzira kwa mayiyo, nadzichepetsa kukhala wongothirira mang'ombe.

Wochiza ndi nyimbo Brian Schreck, ali pa chipatala cha ana ku Cincinnati, adayamba kujambula kugunda kwa mtima wa mwana ndi kamaikolofoni koikidwa m'chipangizo chomvetsera pachifuwa, nkuyala nyimbo yosankhidwa ndi banja pamwamba pake. Ndi mphatso yaikulu kwa makolo. Nkhawa yanga ili pa otsanzira: asatanganidwe ndi chikumbutso nkuiwala kuti mwanayo akadali moyo ndipo akufuna kuyimba lero.

Kuno kwathu ntchito yosamalira ana otere ilipo, monga ya Umodzi pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo oyimba sitisowa. Amayi a Mvano, a Dorika ndi makwaya amayendera odwala mokhulupirika, ndipo ndimawalemekeza. Komabe gulu la anthu ambiri loyimba mokweza m'kachipinda ka mwana womva mutu limatonthoza oyimbawo kuposa wodwalayo. Ndiponso ana amazidziwa nyimbo za pa maliro. Mwana wa zaka khumi akamva imodzi ikuyimbidwa pamutu pake, amadziwa tanthauzo lake, ndipo amachita mantha payekha poopa kuliza amayi ake.

Inu amene mumayendera ana odwala, lowani awiri kapena atatu. Funsani mayi kapena gadiyani nyimbo imene mwanayo amaikonda, ngakhale ikhale ya pa wailesi kapena ya kusukulu ya mkaka. Mupatseni chisekese m'manja ngati angathe kugwira. Yimbani motsitsa, maso ali pa chifuwa chake, ndipo akatembenuza nkhope, lekani.