Misoko Iwiri Inasimba Nkhondo Yonse

Mawu akuti kupeta ali ndi ntchito ziwiri m'chinenero chathu. Mayi amapeta mphale m'lichero kuti gaga achoke, ndipo mayi yemweyo akakhala pakhonde ndi singano n'kumaika maluwa pansalu yoyala patebulo, timatinso akupeta. Ntchito ziwirizi zimafuna dzanja lodziwa chosunga ndi chotaya, ndipo dzanja lotere ndi limene ndimalisowa m'zopeta zambiri za masiku ano. Munthu amaphunzira misoko yambirimbiri pa YouTube, n'kugula ulusi wa mtundu uliwonse, kenako n'kuunjika zonsezo pa kansalu kamodzi. Duwa limatuluka lolemera, nsalu n'kukwinyika, diso la woonera n'kusowa pofikira.

Wopeta aliyense amene wagwa m'vutoli ayenera kuyang'anitsitsa nsalu yotchuka ya ku Bayeux, mzinda wa m'chigawo cha Normandy ku France. Ndi bafuta wotalika pafupifupi mamita 70, koma m'lifupi mwake ndi theka la mita basi. Pamenepo anapetapo ndi ulusi wa ubweya wa nkhosa nkhani ya mmene William wa ku Normandy anagonjetsera Mfumu Harold ya ku England pankhondo ya ku Hastings mu 1066. Akatswiri ambiri amati inapetedwa ku England m'zaka za m'ma 1070, ndipo anailamula ndi Bishopu Odo, m'bale wake wa William. Pali anthu oposa 600, akavalo, zombo, amisiri ogwetsa mitengo, ophika nyama, ngakhalenso nyenyezi yamchira imene inaoneka chaka cha nkhondoyo. Chodabwitsa n'chakuti pafupifupi ntchito yonseyi yagona pa misoko iwiri yokha.

Woyamba ndi wojambulira mizere, umene m'Chingerezi amautcha stem stitch. Singano imalowa patsogolo, n'kutulukira chapakati pa msoko umene wangoikidwa kumene, ndipo ulusi umakhala mbali imodzimodzi ya singano nthawi zonse. Ukatero mzere umatuluka wopotana ngati kachingwe. Ukasinthasintha mbali, kachingwe kaja kamathyoka ndipo diso limaona chilemacho msanga. Pokhota, monga pamphuno ya munthu kapena pachiboda cha kavalo, msoko umayenera kufupika. Ukautalikitsa, malo ozungulira amasanduka ngodya. Ndi msoko wamba umenewu opeta aja analemba mawu a Chilatini amene ali pamwamba pa zithunzi, n'kujambula nkhope ndi zala zoloza. Nkhope sanazidzaze ndi ulusi ayi. Anasiya bafuta yemweyo kuti akhale khungu la munthu. Kumeneku ndiye kudziwa chotaya.

Wachiwiri ndi wodzazira, ndipo m'menemo ndi mmene muli nzeru yonse. Taganizirani thupi la kavalo. Wopeta amayala ulusi wautali kuchokera m'mbali ina ya thupilo kukafika m'mbali inzake, chingwe ndi chingwe mogundizana, ngati mmene amayalira udzu pofolera denga. Singano ikalowa kumapeto, imatulukira pafupi pomwepo, kotero kuti ulusi wonse umatsala pamaso pa nsalu, kuseri kumangooneka timadontho. Kenako amadutsitsa zingwe zina mopingasa, motalikirana pang'ono, ndipo zingwezi amazikhomerera kunsalu ndi timisoko ting'onoting'ono. Udzu wayalidwa, nsungwi yopanira yadutsa pamwamba, luzi lamanga. Njirayi imadzaza malo aakulu mofulumira ndipo siwononga ulusi. Imapatsanso chithunzi khungu lake: thupi la kavalo limaoneka lochindikala, lamizeremizere, lokopa chala kuti chikhudze.

Pankhani ya mitundu, opeta a nsaluyi anadziletsa chimodzimodzi. Ulusi wonse uli ndi mitundu ngati khumi, yonyikidwa mu utoto wa zomera zitatu: woad yopereka buluu, madder yofiiritsa, ndi weld yachikasu. Chifukwa cha kuchepa kwa mitunduko, sanavutike n'kutsanzira chilengedwe. Mupezamo kavalo wabuluu, ndipo miyendo yake ya kutsidya ili ndi mtundu wosiyana ndi ya kuno, kuti diso lizindikire mwendo wapafupi ndi wakutali. Ena angati ndi zachibwana. Ine ndimati ndi ukatswiri, chifukwa akavalo akathithikana pankhondo, mwendo uliwonse umadziwika mwini wake.

Komabe tisaupembedze msoko woyalawu ngati ulibe chilema. Umafuna nsalu yokokedwa bwino pamkombero, yolimba ngati chikopa cha ng'oma. Nsalu ikalekerera, zingwe zazitalizo zimagwa mphwayi n'kulendewera. Sugwirizananso ndi kuchapachapa. Nsalu ya ku Bayeux inali yopachika, sinali yodyerapo nsima. Amene akupeta pilo kapena diresi la mwana asankhe misoko yaifupi yogwira nsalu zolimba, woyalawu ausungire chithunzi chapakhoma. Msoko wabwino ndi umene ukuyenerana ndi ntchito imene nsaluyo ikagwire.

Phunziro la nsalu ya ku Bayeux linawoloka nyanja. M'mudzi wa Hamburg, ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, amayi oposa 100 a gulu la Keiskamma Art Project, limene Dr Carol Hofmeyr analiyambitsa mu 2000, anatenga kamangidwe ka nsalu ya ku Bayeux n'kupetapo mbiri ya kwawo. Nsalu yawo, imene inatha mu 2004, ndi yotalika mamita 120, ndipo imayenda kuchokera pa anthu a mtundu wa San, kudutsa nkhondo za Axhosa ndi atsamunda, mpaka kufika pa nthawi ya Nelson Mandela. Sanakopere akavalo a ku Normandy. Anatengako mzere wautali wosimba nkhani, koma ng'ombe, mapiri ndi misozi n'zawo.

Apa ndi pamene ndimadandaula ndi zopeta zathu zambiri. Timathera masabata tikupeta maluwa a m'mabuku akunja amene sitinawaonepo akumera, pomwe mlambe uli poteropo, chambo chili m'mbale, agogo akusenda chimanga pamkeka. Mzere woongoka bwino ndi malo odzazidwa mosamala n'zokwanira kunyamula zonsezi.

Choncho inu amene mwagwira singano chifukwa choikonda, sankhani misoko iwiri, mukhale nayo mpaka dzanja liizolowere. Chepetsani mitundu ya ulusi, siyani malo ena nsalu ipume, ndipo mukamaliza tembenuzani muone kuseri, chifukwa kumeneko ndi kumene kumaulula ngati munadekha kapena munathamanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Petani za kwanu, ndipo mupete modekha.