Myuda wa M'sewero la Shakespeare

Sewero la William Shakespeare lotchedwa The Merchant of Venice, limene linalembedwa cha m'ma 1597 ndi kusindikizidwa mu 1600, lili ndi nkhani yosavuta kuifotokozera ana. Antonio, wamalonda wa ku Venice, adziika chikole pa ngongole ya ndalama zagolide 3,000 kwa Myuda dzina lake Shylock, kuti bwenzi lake Bassanio akafunsire mbeta. Pangano lake ndi lakuti ngongoleyo ikapanda kubwezedwa pa miyezi itatu, Shylock adzacheka mnofu wolemera paundi imodzi pa thupi la Antonio. Mbiri imveka kuti zombo za Antonio zamira, mlandu ufika pabwalo, ndipo Portia, mkazi wodzibisa m'zovala za mwamuna wodziwa malamulo, agamula kuti panganolo linatchula mnofu koma silinatchule mwazi.

Mwana wozolowera nthano zakumudzi sachedwa kupeza Fisi m'nkhani imeneyi. Fisi akangotchulidwa, omvera adziwiratu kuti ndi wadyera ndiponso kuti adzachita manyazi pomaliza. Wosimba nthano safunika kupereka umboni. Anthu a ku London anamlandira Shylock momwemo. Komatu Fisi wa m'nthano savulala ndi chitonzo, pamene Ayuda ndi anthu amoyo.

Chodabwitsa nchakuti oonera sewerolo ambiri anali asanakumanepo ndi Myuda wopembedza poyera. Mfumu Edward I inapirikitsa Ayuda onse ku England mu 1290, ndipo sanaloledwe kubwerera kufikira cha m'ma 1656. Ochepa amene anali mu London anali obatizidwa, monga Roderigo Lopez, sing'anga wa Mfumukazi Elizabeth, amene anaphedwa mu 1594 pomneneza kuti anafuna kuipha mfumukaziyo ndi mankhwala. Chotero udani unakhala zaka zoposa 300 m'dziko lopanda odanidwawo, wosungidwa m'maulaliki, m'nyimbo ndi m'masewero.

Muzu woyamba wa udaniwo unali chiphunzitso chakuti Ayuda onse, a mibadwo yonse, ali ndi mlandu wa imfa ya Yesu, ngakhale kuti Yesu, amake ndi atumwi ake anali Ayuda, ndipo amene anampachika anali asilikali a Aroma polamulidwa ndi Pilato. Pa muzu umenewu panaphuka mabodza ena. Mu 1144 mnyamata wina atapezeka wakufa ku Norwich, Ayuda ananamiziridwa kuti anamupha monga mwambo wa chipembedzo chawo, ndipo bodzalo linafalikira ku Ulaya konse. Mliri waukulu utagwa mu 1348, ananenedwanso kuti athira chiphe m'zitsime, ndipo ku Strasbourg ambiri anatenthedwa mu 1349.

Muzu wachiwiri, umene uli pamtima pa seweroli, ndi katapira. Eklesia unaletsa Akhristu kukongoletsa ndalama pa chiwongoladzanja. M'maiko ambiri Ayuda sanaloledwe kukhala ndi minda kapena kulowa m'mabungwe a amisiri, kotero kuti ena a iwo anatsala ndi ntchito yokongoletsa ndalama, mafumu ndi kumawadyera m'misonkho yolemera. Wangongole sakonda mwini ndalama. Ku York mu 1190, Ayuda pafupifupi 150 atafera m'linga la mfumu, amene anatsogolera chiwawacho anapita kukachisi wamkulu kukatentha makalata a ngongole zawo. Ndipo Akhristu enieniwo sanali oyera manja: atate ake a Shakespeare anaimbidwa mlandu wa katapira mu 1570.

Luso la Shakespeare lili pakuti, atalandira Fisi ameneyu, anampatsa mtima ndi chikumbukiro. Shylock akumbutsa Antonio kuti anali kumlavulira malovu ndi kumutcha galu pamsika, ndipo Antonio, munthu amene sewerolo limyamika, ayankha kuti angachitenso zomwezo. Mwana wake Jessica atathawa ndi Mkhristu, Shylock alirira mphete imene anaipatsidwa ndi Leah asanakwatirane. Pamene anena kuti Myuda nayenso amatuluka mwazi akalasidwa, ndiponso kuti kulipsira anakuphunzira kwa Akhristu, palibe womtsutsa. Pabwalo awakumbutsanso kuti iwo ali ndi akapolo ogula ndi ndalama.

Koma iwo amene amati sewerolo ndi loteteza Ayuda apitirira muyeso. Shylock anoladi mpeni. Portia alankhula mawu okoma onena za chifundo, koma chifundo chimene Shylock alandira ndicho kulandidwa ulamuliro pa chuma chake ndi kukakamizidwa kukhala Mkhristu. Atuluka ali wodwala, ndipo gawo lachisanu lipitirira ndi nyimbo ndi nthabwala za mphete monga ngati palibe chimene chachitika. Nthawi zambiri anzake samutchula ndi dzina, amangoti Myuda, ngati kuti tchimo la munthu mmodzi ndi chikhalidwe cha mtundu wonse.

Chifukwa chake sewerolo latumikira mbali zonse ziwiri. Mu 1879 Henry Irving anasewera Shylock ngati munthu wolemekezeka wolakwiridwa. Mu 1943 ku Vienna, pa nthawi imene boma la Hitler linali kupha Ayuda, amene chiwerengero chawo chinafika 6 miliyoni, Werner Krauss anamsewera ngati chinthu chonyansa chosekedwa. Mpaka mu 1965 ndi pamene Eklesia wa Katolika, m'chikalata cha Nostra Aetate, unakana poyera kuti mlandu wa imfa ya Yesu uikidwe pa Ayuda onse.

Mphunzitsi wofotokoza nkhaniyi m'Chichewa ali ndi vuto la mawu, pakuti ana ambiri liwu lakuti Ayuda amayamba kulimva kutchalitchi, m'mawerengo a masautso a Yesu, ndipo akamva kuti "Myuda uja" amaphatikiza ziwirizo. Julius Nyerere, potembenuzira sewerolo m'Chiswahili mu 1969, analitcha Mabepari wa Venisi, ndiko kuti eni chuma odyera anzawo a ku Venice. Posandutsa wamalonda mmodzi kukhala ambiri, mutuwo unaika Antonio ndi Shylock pa mphasa imodzi.