Nazale ya nyerere zosoka masamba: kafukufuku wawerenga nyerere koma wanena zochepa za chisa

Mlimi amene anasendapo mango ooneka bwino kunja n'kuwapeza ali mphutsi zokhazokha m'kati amadziwa kuipa kwa ntchentche za zipatso. Vutoli linakula kuchokera mu 2003, pamene ntchentche yochokera ku Asia, yomwe tsopano imatchedwa Bactrocera dorsalis, inapezeka ku Kenya n'kufalikira m'maiko ambiri a mu Africa. Mankhwala opopera ndi okwera mtengo, ndipo mitengo italiitali ya mango a makolo ndi yovuta kupopera. N'chifukwa chake akatswiri akhala akuyang'ana kwa mdani wachilengedwe wa tizilomboti, yemwe ndi nyerere yofiirira ya m'mitengo imene imamanga chisa posoka masamba. Dzina lake la sayansi ndi Oecophylla longinoda, ndipo anzathu a ku Tanzania amaitcha majimoto chifukwa cha ululu wake ikaluma. Imapezeka m'madera otentha monga m'mbali mwa nyanja. Si linthumbu, lomwe limayenda pansi m'mizere ndipo silikhazikika pamalo amodzi.

M'zaka zapitazi kwabwera ganizo loti nyererezi zizileredwa m'nazale monga mbande, kenako n'kukaikidwa m'minda ya zipatso. Ganizoli lili ndi maziko abwino. Koma malipoti a kafukufuku wake anena zambiri za kuchulukitsa nyerere msanga, ndipo anena zochepa za nyumba imene nyererezo zimakhalamo ndi ukhondo wake. Apa ndi pamene mlimi wachitsanzo amene angayesere njirayi angatayire nthawi ndi mphamvu zake.

Zimene zinatsimikizika kale

Phindu la nyererezi m'munda silikayikitsa. Buku lina la ku China lolembedwa ndi Ji Han m'chaka cha 304 limanena za zisa za nyerere zamtunduwu zimene zinkagulitsidwa pamsika kuti zikateteze mitengo ya malalanje. Ku Zanzibar, M. J. Way anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti nyererezi zimateteza kokonati ku kachilombo koyamwa madzi a zipatso zanthete, kamene kenako kanatchedwa Pseudotheraptus wayi pokumbukira iyeyo. Ku Benin, Paul Van Mele ndi anzake anafalitsa mu 2007 zotsatira zoonetsa kuti mitengo ya mango yokhala ndi nyerere zambiri inali ndi zipatso zochepa zogwidwa ndi mphutsi. Kafukufuku wotsatira anapeza kuti sikugwira ntchentche kokha kumene kumathandiza. Fungo limene nyerere zimasiya pachipatso limachititsa ntchentche kuopa kuikirapo mazira. Ku Tanzania zapezekanso kuti zimachepetsa kuwonongeka kwa mitengo ya mbibu, yomwe kumeneko amaitcha korosho, ndipo ku Australia Renkang Peng ndi Keith Christian anapeza zofanana ndi mtundu wa ku Asia, Oecophylla smaragdina.

Tsono funso si lakuti kodi nyererezi zimagwira ntchito. Funso ndi lakuti mlimi amene alibe nyererezi m'munda mwake azipeze bwanji.

Chifukwa chake nazale inaganiziridwa

Banja limodzi lokhwima la nyererezi limakhala ndi mfumukazi imodzi, koma zisa zake zimatha kukhala zambirimbiri, zomwazikana m'mitengo ingapo. Mlimi akadula chisa chimodzi n'kukachipachika m'munda mwake, kawirikawiri amakhala watenga nyerere zantchito ndi ana okha. Popanda mfumukazi yoikira mazira, nyererezo zimagwira ntchito kwa miyezi ingapo kenako zimatha. Kupeza chisa chimene muli mfumukazi n'kovuta chifukwa chimakhala pamwamba ndiponso chotetezedwa kwambiri.

Njira ya nazale imayamba kumene banja limayambira. M'nyengo ya mvula mafumukazi atsopano amauluka, amakumana ndi nyerere zazimuna, kenako iliyonse imathothola mapiko n'kubisala patsamba kuti iikire mazira. Ochuluka a iwo amafa asanalere ana oyamba, chifukwa amadyedwa ndi mbalame, akangaude ndi nyerere zina. Ofufuza, kuphatikizapo a ku Sokoine University of Agriculture ku Morogoro, anayesa njira zokolera mafumukaziwa pogwiritsa ntchito masamba opindidwa amene amaikidwa m'mitengo ngati pobisalira. Mfumukazi ikapezeka imasungidwa m'kabotolo. Pa nthawiyi sifuna chakudya, chifukwa imalera ana oyamba ndi mafuta a m'thupi mwake ndi minofu imene inkayendetsa mapiko. Nyengo ikakhala yofunda, dzira limasanduka nyerere pakatha pafupifupi mwezi umodzi.

Vuto ndi kuchedwa. Banja loyamba ndi mfumukazi yokha limatenga zaka ziwiri kapena kupitirira kuti likule mokwanira kuteteza mitengo. Apa ndi pamene kafukufuku wa Joachim Offenberg wa ku Aarhus University ku Denmark ndi anzake a ku Australia ndi ku Benin anathandiza. Mphutsi ya nyerere ikakhwima imaleka kudya n'kugona chete mpaka isanduke nyerere, ndipo gawo limeneli akatswiri amalitcha pupa. Zotsatira zofalitsidwa mu 2013 zinaonetsa kuti mfumukazi yatsopano imalandira ma pupa otengedwa m'banja lina, ndipo akasanduka nyerere amaitumikira ngati mayi wawo. Chifukwa chopeza antchito msanga, mfumukaziyo imaikira mazira ambiri. Ntchito imeneyi inachitika mwaluso ndipo zotsatira zake n'zomveka.

Pamene kafukufukuyu wafupikira

Choyamba ndi chinthu chimene chinayezedwa. Zoyesera za ma pupa zinawerenga mazira, mphutsi ndi nyerere m'ziwiya zosungiramo pa masabata kapena miyezi yoyambirira. Mlimi safuna nyerere za m'botolo. Amafuna banja lamoyo mumtengo wa mango pa nthawi imene zipatso zikukhwima. Pakati pa ziwirizi pali miyezi yambiri ya kudyetsa, kuthirira, kuteteza ndi kusamutsa. Chiwerengero chimene mlangizi akufunika kuuza alimi ndi chakuti, mwa mafumukazi khumi okoledwa, ndi angati amafika pokhala banja lokhazikika m'munda, ndiponso ndi masiku angati a ntchito amene apitapo. Kuchuluka kwa mazira m'masabata oyamba sikuyankha funso limeneli.

Chachiwiri ndi kumene ma pupa amachokera. Amatengedwa pophwasula zisa za mabanja a kutchire kapena a m'minda ina. Kumene nyererezi n'zochepa, komwenso ndi kumene nazale ikufunika kwambiri, kuphwasula zisa kumafooketsa mabanja ochepa amene alipo. Kumene zilipo zambiri, mlimi angathe kungolumikiza mitengo ndi zingwe kuti banja lifalikire lokha.

Chachitatu, chomwe ndi chachikulu, ndi chisa. Nyerere zambiri zimakhala m'nthaka kapena m'mabowo, choncho zimazolowera bokosi mosavuta. Nyerere yosoka masamba ndi yosiyana. Nyerere zantchito zimakoka masamba amoyo n'kuwayandikizitsa, ndipo zina zimanyamula mphutsi kukamwa n'kumaziyendetsa uku ndi uku kuti ulusi umene mphutsizo zimatulutsa umate masambawo. Tsamba lamoyo limatulutsa chinyontho pang'onopang'ono, limapereka mthunzi ndipo limalola mpweya kuyenda. Popeza ulusi umathera pomanga chisa, ma pupa a mtunduwu amakhala opanda chokuta. Amauma msanga chinyontho chikachepa, ndipo amagwidwa ndi chuku chikachuluka. Botolo lapulasitiki lotsekedwa limachita thukuta m'kati, ndipo likawombedwa ndi dzuwa limatentha n'kupha zonse m'kanthawi kochepa. M'chipinda cha kafukufuku kutentha ndi chinyontho zimayang'aniridwa. Pakhomo pa mlimi ku Salima kapena ku Karonga m'mwezi wa October sizili choncho, ndipo malangizo ochokera m'chipinda chotero sangatengedwe momwe alili.

Ukhondo umene mtengo umachita wokha

Kutchire ukhondo wa chisa umayenda m'njira zitatu. Zotsalira za chakudya ndi nyerere zakufa zimatulutsidwa n'kutayidwa kutali ndi ana. Masamba a chisa akauma, banja limachisiya n'kumanga china pamasamba atsopano, motero zonyansa zimatsala m'chisa chakale. Komanso nyerere zimanyambitana ndi kugwiritsa ntchito asidi wa m'thupi mwawo, yemweyo amene amawawa zikaluma, popha tizilombo toyambitsa matenda. Njira yachitatuyi ndi yofunika kwambiri kwa mtunduwu chifukwa ulibe kachiwalo kena kotulutsa mankhwala ophera majeremusi kamene nyerere zambiri zili nako pachifuwa.

Banja likatsekeredwa, njira ziwiri zoyambazo zimatha. Zonyansa zilibe kokagwera, ndipo nyerere zilibe kosamukira. Banja laling'ono la nyerere makumi awiri kapena atatu silingathe kunyambita ana onse ndi kuchotsanso chakudya chowola. Mwendo wa chiwala wosiyidwa m'botolo lachinyontho umachita chuku m'masiku ochepa. Madzi a shuga amasasa kukatentha, ndipo akaikidwa m'kambale nyerere zimamiramo. Ntchito imene mtengo unkachita mwaulere imagwera mlimi tsiku ndi tsiku, koma m'malipoti imangotchulidwa m'mizere yochepa ya gawo lofotokoza njira, ngati kuti ndi nkhani yaing'ono.

Palinso mbali ina imene wosunga nyerere wakhama angalakwitse. Si dontho lililonse limene lili litsiro. Nyererezi zimaika timadontho ta ndowe zawo pamasamba ndi panthambi ngati zizindikiro za malire a banja, monga anaonetsera Bert Hölldobler ndi E. O. Wilson. Kupukuta zonse ndi sopo kumachotsa zizindikirozi ndipo kumasiya fungo lachilendo. Chofunika kuchotsa ndi chakudya chotsala ndi nyerere zakufa, osati timadonthoti.

Zoyenera kutsata poyesera

Kuchokera pa zimene zimadziwika za moyo wa nyerereyi, botolo liyenera kukhala la masabata oyamba okha. Likhale pamthunzi, pakamwa pake patsekedwe ndi kansalu kolola mpweya, ndipo m'kati mukhale thonje lonyowa pang'ono losinthidwa likayamba kuda. Nyerere zantchito zikayamba kutuluka kukafuna chakudya, banja lisamutsidwire pa mbande yamoyo ya mango kapena ya malalanje ya m'chubu kapena m'ndowa, yokhala ndi masamba anthete okwanira kuti zimange chisa zokha ndi kusamuka zikafuna. Mbandeyo isapoperedwe mankhwala ophera tizilombo.

Mbande ikhale pathebulo limene miyendo yake yaimikidwa m'zitini za madzi, ndipo tsamba lililonse lisakhudze khoma kapena mbande ina. Madziwo amaletsa nyererezi kuthawa, koma ntchito yake yaikulu ndi kutsekereza nyerere zina, makamaka tinyerere ta mitu ikuluikulu ta Pheidole megacephala, tomwe tingathe kupha banja laling'ono. Mabanja awiri asakhale pa mbande zogundana chifukwa amamenyana mpaka kufa. Chakudya chiikidwe kutali ndi chisa, pakachivundikiro ka botolo kotheka kuchotsa. Madzi a shuga anyowetsedwe pathonje, ndipo ziwala, ngumbi kapena tizidutswa ta usipa tiperekedwe tochepa toti tithe tsiku lomwelo. Zotsala zichotsedwe madzulo. Madzi a m'zitini asinthidwe sabata iliyonse kuti udzudzu usaswanemo.

Wosunga alembe tsiku limene mfumukazi inakoledwa, tsiku limene banja linasamutsidwa, mabanja amene afa ndi chimene chinaoneka asanafe, komanso nthawi imene ntchito yatenga. Zolemba zotere zochokera m'makomo angapo n'zimene zingadzaze mpata umene kafukufuku wasiya.

Chimene mlangizi auze alimi

Nazale ya nyerere ikadali pa msinkhu woyesera, ndipo siyenera kuperekedwa kwa alimi ngati njira yotsirizika. Kumene nyererezi zilipo kale, ntchito yoyamba ndi kuzisunga. Zisa zisawotchedwe pa nthawi yokolola, mitengo ya banja limodzi ilumikizidwe ndi zingwe kapena nsungwi, ndipo pansi pa mitengo pasiyidwe udzu, chifukwa kafukufuku wa m'minda ya malalanje ku Tanzania anapeza kuti nthaka yopalidwa mbee imapatsa mwayi Pheidole. Okolola amene amaopa kulumidwa angathe kudzola phulusa m'manja ndi m'miyendo monga amachitira alimi ena a kumadzulo kwa Africa. Alimi adziwenso kuti nyererezi zimaweta tizilombo tina toyamwa madzi a zomera, ta mtundu wa kodikodi, pofuna madzi otsekemera amene timatulutsa, choncho nthambi zoyandikira zisa ziziyang'aniridwa.

Kumene nyererezi kulibe, mlimi wachitsanzo wodekha angayesere mabanja awiri kapena atatu mothandizidwa ndi mlangizi, podziwa kuti ena adzafa ndiponso kuti phindu lake silidzaoneka m'nyengo yoyamba. Ofufuza nawo awonjezere pa zimene amawerenga. Kuwonjezera pa mazira a m'botolo, ayeze mtundu wa chisa, kasamalidwe kake ka tsiku ndi tsiku, ndi chiwerengero cha mabanja amene ali moyo m'munda patatha chaka chimodzi chiwasamutsireni.