Za Kutentha Zithumwa: Moto wa ku Efeso ndi Kalilole wa Mchape

Abale owerenga, pali nkhani imene yandisautsa mtima kuyambira nyengo ya masika, ndipo ndayesa kuti nkwabwino ndiitule pabwalo kuti tiiweruze pamodzi. M'midzi yathu ino ya kumadzulo kwa Lilongwe, kuyambira ku Mpingu ndi ku Namitete kufikira ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, achuluka mapemphero amene eni ake awatcha kusesa nyumba. Afika munthu wodzitcha mneneri pamodzi ndi anyamata ake. Aimba, apemphera mofuula, ndipo potsiriza alowa m'nyumba, nasolola patsindwi kanthu kokulunga m'nsanza, kapena afukula nyanga pakhomo, nazitentha anthu onse alikuona. Akristu ambiri akondwera, nati ntchito za mdima zagonja. Koma ine ndifunsa: kodi moto umenewu ndiwo uja wa ku Efeso, kapena ndi moto wina umene makolo athu anauotha kale, nuwatentha?

Poyamba ndinene mosabisa, kuti wina angandiyese woikira kumbuyo nyanga. Mkristu sayenera kusunga chithumwa. Nsupa ya kuseri kwa mtsuko, mphinjiri ya m'chuuno, chingwe chamankhwala cha pakhosi pa mwana, zikhomo zokhomera pangodya za nyumba poitsirika, chambu cha m'munda ndi cha m'chigafa, zonsezi ziyenera kuchoka. Chifukwa chake si chakuti nyanga ili ndi mphamvu yoposa Mulungu, iai. Koma kuti mtima wa munthu sukhoza kutsamira pawiri. Amene apemphera madzulo kuti Mulungu asunge banja lake, nagona mwamtendere chifukwa cha chimene chinakwiriridwa pakhomo, waonetsa yekha amene amkhulupirira. Pamenepo tigwirizana tonse. Chimene nditsutsa ndicho kachotsedwe kake.

Osesa nyumba akonda kuwerenga Machitidwe a Atumwi 19, ndipo achita bwino. Koma tiyeni tiwerenge pang'onopang'ono. Ku Efeso anthu amene anakhulupirira anadza okha, naulula okha zimene ankachita, natenga mabuku ao a matsenga, nawatentha ndi manja ao. Paulo sanalowe m'nyumba ya munthu kukafunafuna. Sanaloze chala nkhalamba. Sanalandire mbuzi kapena ndalama. Otaya chuma anali eni mabuku, pakuti mtengo wake unakwana ndalama zasiliva 50,000. Ophunzira ati ndalama imodzi yotere inali ngati malipiro a ganyu wa tsiku lathunthu. Tsono munthu mmodzi akadagwira ntchito zaka zoposa 130 osapuma kuti apeze chuma chimene chinapsa tsiku lija. Munthu satentha chuma chotere chifukwa cha kuopsezedwa. Moto unayamba mumtima, pabwalo unafika pambuyo.

Ndipo taonani chimene chinatsogolera moto umenewu m'mutu womwewo. Panali anthu oyendayenda otulutsa ziwanda, ana 7 a Skeva, amene anayesa dzina la Yesu ngati chizimba chatsopano choonjezera pa ntchito yao. Mathero ao anathawa m'nyumba ali amaliseche ndi mabala. Mutu umene uyamikira eni mabuku ndi womwewo umene uchititsa manyazi oyendayenda. Nanga ife lero tifanana ndi ati?

Tsono moto wina uja ndi uwu. M'zaka za 1933 ndi 1934 kunabuka Mchape. Ogulitsa ake ankati mankhwala ao anachokera kwa munthu wotchedwa Kamwiri wa ku Mulanje, ndipo anayenda m'Nyasaland monse, nalowa ku Northern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zambia, ndi m'maiko ena oyandikana. Anali anyamata ovala bwino, olankhula monga alaliki. Akafika pamudzi ankandandika anthu pamzere, amuna paokha ndi akazi paokha, ndipo mmodzi ankayang'ana m'kalilole anthu alikupita kumbuyo kwake. Amene wagwidwa ankauzidwa kuti atulutse nyanga zake, ndipo akakana ankamuuza pamene zabisika, kaya patsindwi, kaya pansi pa nkhokwe. Nyangazo ankaziunjika pamphambano, ndipo mudzi wonse unkamwa mankhwala ofiirira, ndi lonjezo lakuti wobwerera ku ufiti adzafa.

Mai wina wa ku England, Audrey Richards, anaona zimenezi ndi maso pakati pa Abemba mu 1934, nazilemba mu 1935. Iye anapenda mulu wa nyanga zotoledwazo, napeza kuti zambiri sizinali zolodzera, koma zodzitchinjirizira ndi zina zimene munthu wamba aliyense ankasunga. Anaonanso kuti anyamata omwe aja, atatha kulanda zithumwa zakale, ankagulitsa zithumwa zao zatsopano. Kodi mantha anatha? Iai. Mu 1947 Achewa a ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, kutsogolo kwa mseu wathu womwewu wa ku Mchinji, analikuthamangiranso kwa wina wotchedwa Bwanali. Cha m'ma 1960 makamu a anthu analikupita ku Rumphi kwa Chikanga. Wosesa aliyense anati watsiriza ntchito, ndipo aliyense anasiyira mnzake mudzi wamantha monga anaupeza.

Muikeni wosesa nyumba wa lero pakati pa ziwirizi, ndipo mudziweruzire nokha. Kodi mwini nyumba ndiye atulutsa, kapena mlendo? Kodi pali kuulula, kapena kulozedwa? Kodi wotaya chuma ndani, ndipo wopita nacho ndani? Kalilole anachoka, m'malo mwake mwalowa Buku lonyamula kukhwapa. Koma mzere ndi womwewo, chala ndi chomwecho.

Ndinene chimene ndinaona ndekha m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru. Mwana anadwala nthenda yokomoka, ndipo abale anasonkha ndalama za fodya naitana wopemphera wa kutali. Atapemphera m'nyumba ya makolo a mwana osapeza kanthu, anati mzimu wamlozera nyumba ya kumapeto, ya gogo wina wamasiye, mbale wathu mumpingo. Anyamata analowa, natuluka ndi kansupa ka mafuta a nsatsi ndi timizu tomanga ndi luzi. Gogo uja anati, "Ananga, amenewo ndi mafuta othowera miyendo yangayi." Panalibe womumvera. Zinthu zija zinapsa, anthu anaimba, mlendo anakwera njinga yamoto napita. Mwana anachira atamtengera ku chipatala, kumene anapeza kuti anali malungo. Koma kuyambira tsiku lija adzukulu analeka kudya nsima ya gogo wao, amai anzake pachitsime ankatunga mofulumira akamuona, ndipo m'tchalitchi mpando wake unakhala wopanda munthu. Mankhwala anapsa pa mphindi zochepa. Dzina lake likupsabe. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ife tinaphwanya mkhate, ndipo khoswe panalibe.

Musati izi nzazing'ono. Lamulo la Boma la 1911 linaletsa kumwetsa mwavi, kutchula munthu mfiti, ndi kuitana wofufuza afiti, chifukwa kumapeto kwa njira imeneyi kuli mwazi. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba 4 za pamudzi pao, pozinenera kuti ndizo zinatuma mphezi imene inapha mtsikana. Chimene chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pakuti tonsefe tilikukalamba.

Cholakwa chachiwiri cha osesa nchakuti sasiyanitsa mankhwala ndi chithumwa. Mitengo anailenga ndi Mulungu. Kwinini, amene anapulumutsa anthu osawerengeka ku malungo, anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Mfumu Hezekiya itadwala, Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake (Yesaya 38). Tsono tisiyanitse motere. Chimene munthu amwa, adzola kapena afukiza pa nthenda ya m'thupi, chosasowa chinsinsi, chimene akhoza kuchitchula dzina pamaso pa akulu a mpingo ndi pamaso pa dokotala, amenewo ndi mankhwala. Ngati ali oopsa ku thupi, aweruze ndi a chipatala ku Namitete kapena kwa Kabudula, osati moto. Koma chimene chibisidwa, chokhala ndi chizimba ndi miyambo yosala, chimene munthu ayembekeza kuti chimlondera iye ali m'tulo, kapena chikopa mwai, kapena chipweteka mnzake ali kutali, chimenecho ndi chithumwa. Ndiponso mikanda ya agogo, mpando wosema wa malemu atate, mphika wakale, zimenezi si nyanga. Kukalamba kwa chinthu si tchimo.

Chachitatu, monga anachitira a Mchape, osesa ambiri asiya chithumwa chatsopano pamalo pa chakale: kabotolo ka mafuta kogula, madzi owaza pangodya, kapepala komata pachitseko kokhala ndi nkhope ya mneneri. Wina adzati, "Koma izi nzopempherera." Kumbukirani njoka yamkuwa. Mose anaipanga molamulidwa ndi Mulungu mwini. Koma ana a Israyeli atayamba kuifukizira zonunkhira, Hezekiya anaiphwanya (2 Mafumu 18). Ngati chinthu chochokera m'dzanja la Mose chinasanduka fano, nanga kabotolo kogula pa mseu? Chimene uopa kugona popanda icho, chimenecho ndicho chithumwa chako, chingakhale chalembedwa vesi.

Ndidziwa chimene ena adzandiyankha. Adzati, "Alipo ouma mtima amene sadzatulutsa okha, tikapanda kufufuza, zinthu zao zidzakhala m'mudzi mpaka kalekale." Funso ili nlolemera, ndipo sindiliyesa chabe. Koma onani banja la Yakobo. Rakele ataba timilungu ta atate wake, Labani anafufuza hema ndi hema, nagwiragwira katundu yense, osapeza kanthu, pakuti mwana wake anatikhalira (Genesis 31). Pambuyo pake, Mulungu ataitana Yakobo kuti akwere ku Beteli, iye analankhula ndi a pabanja lake, ndipo iwo anampatsa okha milungu yachilendo imene anali nayo, naikwirira pansi pa mtengo ku Sekemu (Genesis 35). Wofufuza anabwerera manja ali zii. Mau ndiwo anatulutsa. Ndipo mungakhale mwalanda nyanga kwa munthu wosalapa, mwapindulanji? Mawa adzagula ina, nadzaibisa mozama koposa.

Chotsalira ndi ichi, ndipo ndicho chachikulu. Ambuye anaphunzitsa za nyumba yosesedwa bwino koma yopanda wokhalamo, kuti mzimu woipa ubwerera ndi anzake 7, ndipo mapeto aipa koposa chiyambi (Mateyu 12). Munthu sagula chithumwa chifukwa cha kukonda mdima. Achigula chifukwa cha mantha. Mai amene anaika kale ana awiri m'manda ndiye amanga chingwe pakhosi pa wachitatu. Mlimi amene anaberedwa fodya ndiye aika chambu m'chigafa. Ukadula chingwecho masana, nuchoka, kodi usiku mwana akatentha thupi mai uja adzagwira chiani? Mlendo wa njinga yamoto sadzakhalapo. Oyenera kukhalapo ndife, a mpingo wa pamudzi pomwepo.

Chifukwa chake ndipempha akulu a mpingo, aphunzitsi ndi atsogoleri a amai kuti tisunge izi:

1. Chithumwa achitulutse mwini wake, mwa kufuna kwake. Mkristu asalowe m'nyumba ya mnzake kukafufuza, ndipo asasonkhe ndalama yoitanira wofufuza.

2. Wofuna kutaya aitane mbusa, wansembe kapena akulu awiri a mpingo wake amene amdziwa. Ngati afuna kuchitira umboni poyera monga Aefeso, nkwabwino. Ngati afuna kukwirira mwakachetechete monga a kwa Yakobo, nkwabwinonso. Pasakhale malipiro.

3. Chinthu cha mwamuna wosapemphera, kapena cha apongozi, si chako kuti uchitenthe mobisa. Lankhula nao mwaulemu, uwapempherere, ndipo iwe mwini usachigwiritse ntchito.

4. Munthu akatchulidwa mfiti, akulu a mpingo akhale oyamba kukadya m'nyumba mwake, mudzi wonse ulikuona, ndi kukanena kwa mfumu.

5. Atataya, musamsiye yekha. Mumchezere sabata ndi sabata, mwana akadwala mumperekeze ku chipatala, fodya akauma muthandizane kulondera.

Ine mwini ndili ndi mlandu pa nkhani imeneyi, pakuti tsiku lija ndinaimirira pakati pa anthu, ndinamva mau a gogo uja, ndipo sindinatsegule pakamwa. Mwezi wathawu ndinapita kukapepesa. Anandiyalira mphasa, nandipatsa mbatata yootcha, ndipo ndinadya. Anandifunsa chinthu chimodzi chokha: ngati mpando wake m'tchalitchi ulipobe. Abale, yankho la funso limenelo lili ndi ife.