Msampha Wosacenjeza: Cilungamo m'Manda a Gary Gygax

Mu 1975, pamsonkhano woyamba wa oseŵela wochedwa Origins ku Baltimore m'dziko la America, Gary Gygax anabweletsa nthano yatsopano yoti anthu aseŵele. Kampani ya TSR inaisindikiza mu 1978 ndi dzina lakuti Tomb of Horrors, ndiye kuti manda a zoopsa. Mpaka lelo okonda Dungeons & Dragons akali kukangana za kabuku kameneka. Ena amati ndi kaluso, ena amati ndi nkhanza cabe. Ine ndikuona kuti zonse ziŵili zilimo, ndipo pamene luso lalekezela ndi pamene tingaphunzile tanthauzo la cilungamo m'maseŵela otele.

Kwa amene sanaseŵelepo, zimayenda motele. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulila thebulo, aliyense ndi munthu wake wa m'nthano, kaya wankhondo, wamatsenga kapena mbala. Mmodzi, wochedwa Dungeon Master, ndiye amasunga kabuku. Iye amafotokoza zimene anzake akuona, iwo amakamba zimene afuna kucita, ndipo pokayikitsa amaponya madayisi. Mapu ali kwa iye, zinsinsi zili kwa iye, ndipo oseŵela alibe maso ena koma mau ake. Munthu wa m'nthano amene mwamulela kwa miyezi yambili angafe m'mphindi imodzi. Ndiye cifukwa cake funso la cilungamo si laling'ono, pakuti pathebulo pamakhala mabwenzi amene akhulupililana.

Manda a m'kabuku aka ndi a mfiti yakale yochedwa Acererak, ndipo anakonzedwela anthu a m'nthano okhwima, a mlingo 10 mpaka 14. Zilombo zomenyana nazo ndi zocepa, misampha ndiyo yadzaza. Pali makomo atatu, aŵili ndi onama. Pa limodzi denga limagwa ngati diŵa mukatsegula zitseko. Pa lina cimwala cimayamba kutseka njila kumbuyo kwanu, Dungeon Master amaŵelenga mpaka 10, ndipo amene sanakambe kuti akuthaŵa amatsekeledwa mkati. Njila yeniyeni ili ndi mbuna zobisika zokhala ndi zisonga zapoizoni. Kumapeto kwake kuli nkhope yobiliŵila ya ciŵanda, kukamwa kuli yasa, mkati muli bii. Woloŵa m'kamwamo amathelatu, osasiya ngakhale mtembo woti anzake audzutse ndi matsenga.

Nkhope imeneyi ndiyo imene odandaula amakonda kuichula, koma ine ndimaiikila kumbuyo. Ngoziyo sinabisale. Gygax anaika kabuku kapadela ka zithunzi koti oseŵela aone ndi maso ao, ndipo palibe angayang'ane cithunzico n'kuyesa kuti ndi khomo la kwa ambuye ake. Woseŵela wocenjela amayamba wapisamo ndodo, n'kuona kuti nsonga yake sinabwelele. Mbuna nazonso zimapezeka pogogoda pansi ndi ndodo yomweyo. Safunsa anadya phula. Imfa ya apa ndi yoŵaŵa, koma wakufayo akamva cimene camupha amagwila mutu n'kuti, "Ndikanadziŵa." Mau amenewa ndiwo muyeso wanga. Msampha ndi wacilungamo ngati unapeleka cizindikilo cimene munthu watchelu akanaŵelenga, ndi mpata woti acitepo kanthu.

Ife amene tinakula tikuphelana zilapi madzulo timalidziŵa lamulo ili. Cilapi cingavute motani, yankho likachulidwa onse amaseka cifukwa aona kuti linali pamphuno pao. Koma wina akapha cilapi cimene yankho lake ndi cinthu cobisika m'thumba mwake, ana amamukana kuti wabela.

Tikayesa kabuku konse ndi muyeso umenewu, ming'alu imaoneka. Pansi pa njila yoloŵela paja pali ndakatulo ya Acererak yopeleka malangizo. Imacenjeza za mtundu wobiliŵila, komanso imatamanda mtundu wa usiku kuti ndi wa olimba mtima. Kodi munthu woona kukamwa kwakuda pankhope yobiliŵila atsatile citi? Apa wofunsa ndi woŵelenga mosamala angadye phula limodzi ndi safunsa. Tinganene kuti mfiti ili ndi ufulu wonama, inde, koma bodza labwino m'nthano limasiya mcila woti ligwidwe nao.

Coipitsitsa cili kumapeto. Acererak weniweni watsala cibade cokha, cokhala ndi miyala yamtengo wapatali m'maso ndi m'mano. Mukacikhudza cimauluka n'kuyamba kuyamwa mizimu ya anthu anu mmodzimmodzi. Cingavulazidwe ndi njila zoŵelengeka cabe, matsenga akutiakuti ndi zida zakutizakuti, ndipo mndandanda wake uli m'manja mwa Dungeon Master yekha. Oseŵela sapatsidwa njila yomveka yodziŵila zimenezi. Pano nzelu zasanduka zopanda nchito, catsala ndi kulotela zimene zinali m'mutu mwa mlembi. Ici ndiye cilapi ca m'thumba cija.

Tisaiŵale kumene kabuku kanabadwila. Gygax anafuna kuyesa akatswili odzitama, ndipo pamsonkhano anthu amaseŵela mwampikisano, ndi anthu a m'nthano ongopatsidwa tsiku lomwelo. Kabuku kosindikizidwa nakonso kali ndi mndandanda wa anthu okonzelatu otelo. Wofa pampikisano amataya maola ocepa. Koma kutenga manda omwewa n'kuwaika mosacenjeza pakati pa nthano imene gulu lakhala likuseŵela kwa zaka ziŵili ndi nkhani ina. Conco mbali ina ya cilungamo ili m'pangano la pathebulo: kodi anthuwa auzidwa mtundu wa maseŵela amene akuloŵamo?

Olemba a pambuyo pake anafuna mankhwala. Dungeons & Dragons ya mu 2000 inabweletsa Challenge Rating, nambala yoonetsa mphamvu za cilombo kuti nkhondo izilingana ndi msinkhu wa oseŵela. Imathandiza, koma kwa ine imayankha funso lina. Kulinganiza mphamvu si cilungamo. Cinjoka cimene cingaphe gulu lonse ndi cacilungamo ngati a m'mudzi anacenjeza, mafupa ali mbwee pakhomo la phanga, ndipo njila yobwelela ndi yotseguka. Pafupi ndi mtima wa nkhaniyi pali langizo la Justin Alexander la mu 2008, lakuti pa cinthu ciliconse cimene mufuna kuti oseŵela azindikile, muikepo zizindikilo zitatu. Cimodzi adzaciphonya, cina adzacimva molakwa, cacitatu cidzawafika.

Tomb of Horrors sinafe. Ernest Cline anaiika m'buku lake la Ready Player One mu 2011, ndipo Wizards of the Coast inaitulutsanso mu 2017 m'buku la Tales from the Yawning Portal. Ndingalimbikitse aliyense wofuna kulemba nthano zoseŵela kuti aiŵelenge ali ndi pensulo, ndipo pamsampha uliwonse alembe m'mbali cimene cikanacenjeza woseŵela. Pamene dzanja lidzasoŵa colemba, pamenepo ndi pamene Gygax analeka kuseŵela ndi anzake n'kuyamba kuseŵela yekha.