Munthu Akadwala, Alipire Ndani?

M'maiko a kutsidya kwa nyanja muli mkangano wakale umene sunathe kufikira lero, ndiwo wakuti: munthu akadwala, ndalama za dotolo ndi mankhwala zicokere kuti? Ena ati Boma lisonkhetse anthu onse, kuti wodwala ali yense aciritsidwe kosalipira pakhomo pa cipatala. Koma ena ati iai, munthu yense adzisankhire kampani, naipatse ndalama mwezi ndi mwezi akali wolimba, kuti tsiku la nthenda kampaniyo idzamlipirire. Ndiyo inshuwaransi ya makampani. Tiyeni tiyese mau awa poona maiko awiri.

Ku Wales kuli mudzi wa Tredegar, kumene okumba malasha ndi osula citsulo anali kupatula pang'ono pa malipiro ao, nasunga m'thumba limodzi lolipira madotolo. Aneurin Bevan anakulira m'mudzimo. Ndipo atakhala nduna ya zaumoyo, anafalitsa nzeruyi ku Britain konse, pa 5 July 1948, ndi ndalama za msonkho. Ku America, Pulezidenti Truman anapempha zofanana mu 1945, koma bungwe la madotolo linatsutsa kolimba, ndipo zinakanika. Cotero ambiri a kumeneko alandira inshuwaransi mwa nchito yao, ngakhale kuyambira 1965 Boma lilipirira okalamba ndi ena osauka.

Oyamikira makampani anena kuti njira yao ipatsa munthu ufulu wosankha. Mau awa akoma m'khutu, koma ife tiwapeza opepuka. Kampani iri pa malonda: ipindula ndi munthu wolimba, nitaya ndalama pa wodwala. Cifukwa cace, kufikira lamulo la 2010 litayamba kugwira nchito mokwanira mu 2014, makampani a ku America anali nayo mphamvu yokana munthu amene anali ndi nthenda kale. Ndipo wocotsedwa nchito kawiri kawiri ataya inshuwaransi yace pamodzi ndi malipiro. Nanga ufulu wosankha uli kuti kwa iye amene palibe womlandira? Mu 2023 anthu monga mamiliyoni 26 a dzikolo analibe inshuwaransi iri yonse, cinkana America aononga ndalama pa zaumoyo koposa maiko onse.

Komatu tisabise zofooka za njira ya Boma, pakuti walira mvula walira matope. Msonkho ulemera, ndipo thumba la Boma liri ndi polekezera. Mu 1951 Boma la Britain linayamba kulipiritsa mano oikirira ndi magalasi a maso, ndipo Bevan anatula pansi udindo wace. Mu 2023 mndandanda wa odikira cithandizo ca cipatala ku England unapitirira mamiliyoni 7. Ndipo kudikira uli ndi ululu si kanthu kakang'ono.

Pamenepo tiweruze bwanji? Ife titi, muyeso wace ndi uwu: ndani atsala kunja? Wokhala pa mzere, ngakhale acedwa, dzina lace lalembedwa, ndipo anthu akhoza kudzudzula Boma kuti liwonjeze madotolo ndi makama. Koma wokanidwa cifukwa ca umphawi alibe mzere woimapo, ngakhale wokamdandaulira. Makampani athandize iwo ofuna zoonjezera. Koma maziko akhale thumba limodzi la onse, olimba asenzere odwala, pakuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.